Kapu ya tiyi pa nkhondo: tiphunzire kuwerenga zithunzi zakale

Ku Fomu 1 tinaphunzira kuti mbiri yakale timaipeza m'njira zingapo: nkhani zapakamwa zochokera kwa akuluakulu, zolembedwa, ndi zinthu zofukulidwa pansi monga mapale ndi mafupa. Ambirife tinaloweza zimenezi n'kukhoza mayeso, basi. Koma pali gwero lina limene timalidumpha ngakhale lili m'mabuku athu omwewa, ndilo zithunzi. Timangoti "taonani chipewa cha uyu," kenako tatsegula tsamba lina. Nkhani yanga ya pakhoma pano ndi ya mtundu umodzi wa zithunzi, za asilikali akumwa tiyi pa nkhondo zikuluzikulu ziwiri zija, ya 1914 mpaka 1918 ndi ya 1939 mpaka 1945. Tiyi ndamusankha dala. Za mfuti ndi akasinja ife sitizidziwa, koma pa tiyi aliyense pano ndi katswiri, ngakhale ife amene timadzuka kudakali mdima n'kuyenda ulendo wonse kuchokera kuseri kwa Likuni m'mimba mulibe kanthu.

Zithunzi zotere zilipo zambirimbiri, makamaka kunyumba yosungira zinthu za nkhondo ya Imperial War Museum ku London, ndipo zina anaziika pa intaneti. Aphunzitsi athu a History anationetsa zingapo pa foni yawo ku kalabu. M'chithunzi china asilikali achizungu akhala m'ngalande zimene ankabisalamo ku France, matope mpaka m'maondo, aliyense kapu yachitsulo m'manja. M'china ali m'chipululu cha kumpoto kwa Africa, anjuta pambali pa kasinja kuzungulira chitini chofuka utsi. M'china aima pamzere pagalimoto yokhala ndi zenera m'mbali, amayi awiri akuwathirira tiyi, ngati momwe timaimira pa okala pa buleki. Chimene chinandidabwitsa n'chakuti pafupifupi onse akumwetulira. Munthu ali pa nkhondo, mawa mwina afa, ndiye akusekereranji?

Tisanafike pa funso limenelo, tiyambe ndi losavuta.

Bwanji tiyi?

Yankho loyamba ndi madzi. Pa nkhondo palibe mjigo kapena kiyosiki ya Water Board. Madzi ankabwera m'zitini zimene kale munali petulo, kapena ankatungidwa m'zithaphwi, ndipo ankathiramo klorini kuti aphe tizilombo. Aliyense wa ku Chinsapo kuno akukumbukira kolera ya 2022 ndi 2023, pamene sukulu za mu Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa mu January, ndipo akudziwa fungo la madzi a klorini. Tsono phatikizanipo fungo la petulo. Madzi oterowo kuti alowe pakhosi, pankafunika masamba a tiyi ambiri, shuga wambiri ndi mkaka wa m'chitini wotsekemera uja. Chinanso, tiyi sapangidwa ndi madzi ozizira. Kuwiritsa kumapha tizilombo toyambitsa kamwazi ndi kutsekula m'mimba, matenda amene pa nkhondo ya kum'mawa kwa Africa, pamodzi ndi malungo, anapha anthu ambiri kuposa zipolopolo. Choncho msilikali akamamwa tiyi ankamwanso madzi otetezeka, kaya iye ankaganiza zimenezo kapena ayi.

Yankho lachiwiri tonse timalidziwa ndi thupi lathu. Mu June kukazizira, kapu yotentha imafunditsa manja isanafike n'komwe pakamwa. Shuga amapereka mphamvu msanga, ndipo m'masamba a tiyi muli caffeine amene amathamangitsa tulo, chinthu chofunika kwa mlonda wa usiku. Komanso tiyi saledzeretsa. Mkulu wa asilikali angakonde anyamata ake amwe makapu asanu a tiyi kusiyana ndi botolo limodzi la kachasu.

Asilikali a ku Britain ankamukonda tiyi moti anapeka mbaula yawoyawo m'chipululu. Ankadula chitini cha petulo pakati, kuthiramo mchenga, kunyowetsa mchengawo ndi petulo, n'kuyatsa. Pamwamba ankatereka theka lina la chitinicho, madzi n'kuwira. Ndi chitini chofuka utsi chija ndatchula. Vuto linali lakuti kuti aphike ankayenera kutuluka m'kasinja, ndipo munthu ali panja ndi wosavuta kumuombera. N'chifukwa chake chakumapeto kwa nkhondo, pa akasinja atsopano otchedwa Centurion, anaikamo chowiritsira madzi chamagetsi m'kati momwemo, ndipo mpaka lero akasinja a ku Britain amakhala nacho. Tangoganizani, akatswiri a zida kukhala pansi n'kumakambirana za ketulo!

Anajambula ndani, ndipo ankafuna chiyani?

Apa ndiye pagona phunziro lenileni. Akuluakulu amati kuona maso a nkhono n'kudekha, ndipo chithunzi chimafuna kudekha komweko. Chithunzi sichidzijambula chokha. Pali munthu anaima penapake, anasankha choloza, anasankha chosiya kunja, n'kudina. Pa nkhondo yoyamba asilikali wamba a Britain ku France analetsedwa kukhala ndi makamera. M'chaka cha 1916 boma linaika wojambula wake woyamba kumeneko, Ernest Brooks, ndipo ena anatsatira. Pa nkhondo yachiwiri, m'chaka cha 1941, anakhazikitsa gulu lathunthu la asilikali ojambula zithunzi ndi mafilimu lotchedwa Army Film and Photographic Unit. Chithunzi chisanatuluke m'nyuzipepala chinkadutsa kaye kwa akuluakulu oona zoyenera kuonetsedwa ndi zoyenera kubisidwa.

Tsono dziikeni m'malo mwa boma. Kumudzi kuli amayi amene mwana wawo ali ku nkhondo, ndipo mukufuna kuti alole wachiwiri apitenso. Muwaonetsa chiyani? Mitembo? Ayi ndithu. Muwaonetsa mwana wa munthu wina atakhala phee ndi kapu ya tiyi, akuseka ndi anzake, ngati ali pakhonde kwawo. Kapuyo ikunena kuti mwana wanu akudya, akusamalidwa, zinthu zili m'malo. Kwa mdaninso ikunena kuti sitikutekeseka. Umu ndi momwe kapu ya tiyi inasandukira chida cha nkhondo.

Sindikunena kuti zithunzizo ndi zabodza. Tiyi ankamwadi, ndipo mwina kumwetulirako kunali koona, paja munthu wotopa ukampatsa chotentha nkhope imamasuka yokha. Koma mphindi khumi za tiyi si tsiku lonse. Zili ngati anzathu ena amene amakajambulitsa ku Gateway Mall atatsamira galimoto ya eni ake n'kuika pa Facebook. Galimotoyo ndi yeniyeni, mnzathuyonso ndi weniweni, koma amene angaweruze moyo wake ndi chithunzi chimenecho sangadziwe kuti anabwerera wapansi chifukwa ya minibasi inalibe.

Masambawo ankachokera kuti?

Ku Britain tiyi salimidwa m'minda ikuluikulu, n'kozizira. Ankachokera kumayiko amene Britain ankawalamulira kapena kuchita nawo malonda, makamaka India ndi Ceylon, imene lero ndi Sri Lanka, ndipo wina ankachokera kuno. Mitengo ya tiyi inayesedwa koyamba ku Blantyre Mission m'chaka cha 1878, ndipo m'zaka za m'ma 1890 azungu anayamba kudzala ku Mulanje, kenako ku Thyolo. Pofika nkhondo yachiwiri tiyi anali kale m'gulu la mbewu zazikulu zimene Nyasaland ankagulitsa kunja, pamodzi ndi fodya ndi thonje.

Nkhondo itayamba mu 1939, msika wa tiyi wa ku London unatsekedwa, boma la Britain n'kuyamba kugula lokha tiyi mwachindunji, ndipo msikawo unadzatsegulidwanso mu 1951. Kuyambira July 1940 munthu wamba ku Britain ankaloledwa kugula ma ounce awiri okha pa sabata, amene ndi magalamu pafupifupi 57, ndipo lamuloli linatha mu 1952. Mu 1942 Japan analanda zilumba za Java ndi Sumatra, kumene kunkachokeranso tiyi wambiri, choncho wa ku India, Ceylon ndi Africa anafunika kwambiri. Mwa ichi, mukaona msilikali wa ku London akupsontha kapu yake m'chipululu, kumbukirani kuti tiyi wa ku Mulanje ndi Thyolo ankalowa m'nkhokwe yomweyo imene ankamutapamo.

Nanga ankathyola masambawo ndani? Anthu akuda, ambiri a iwo Alomwe amene anawoloka malire kuchokera ku Mozambique, ndipo ochuluka ankakhala pa malo a azungu pansi pa thangata, kugwira ntchito ngati lendi ya malo okhalapo. M'zithunzi za tiyi wa asilikali anthu amenewa mulibe. Manja ogwira kapu akuoneka, manja othyola masamba ayi.

Asilikali athu

Ena mwina mukuti, zonsezi ndi za azungu, ife zikutikhudza pati? Zikutikhudza kwambiri. Gulu la asilikali la King's African Rifles, mwachidule KAR, linakhazikitsidwa mu 1902, ndipo mabataliyoni ake oyamba awiri, 1 KAR ndi 2 KAR, anali a ku Nyasaland, likulu lawo ku Zomba. Nkhondo yoyamba inafika m'dziko muno msanga kuposa momwe ambiri timaganizira. Pa 13 August 1914 sitima ya Guendolen inaombera sitima ya Ajeremani ya Hermann von Wissmann padoko la Sphinxhaven, lero Liuli ku Tanzania, pa nyanja yathu yomweyi. Pa 9 September 1914 kunamenyedwa nkhondo ku Karonga. Makolo athu ankaitcha nkhondo ya Chiwaya, kutengera mfuti ija yolira mosalekeza. Inde, liwu lomwelo la chiwaya cha tchipisi cha pamsika. Amene anakazingapo chimanga chouma n'kumva kuthetheka kwake sangavutike kumvetsa.

Amuna a m'dziko muno pafupifupi 19,000 analowa usilikali pa nkhondo imeneyo. Koma gulu lalikulu linali la amtengatenga, pafupifupi 200,000, pa nthawi imene dziko lonse linali ndi anthu ongopitirira pang'ono miliyoni imodzi. Kunalibe misewu ya galimoto, ndipo ng'ombe ndi akavalo zinkafa ndi kashembe, choncho chilichonse chinkayenda pamutu pa munthu: zipolopolo, ufa, mahema, mankhwala, ndi mabokosi a chakudya cha mabwana, momwe munali tiyi, shuga ndi mkaka wa m'zitini. Katundu wa munthu mmodzi ankaposa makilogalamu 20, ulendo wa masabata, wopanda nsapato. Ambiri sanapite mwa kufuna kwawo. Mafumu ankalamulidwa kupereka amuna, ndipo ena ankagwidwa usiku m'nyumba zawo. Ambirimbiri anafera m'njira ndi njala, kamwazi ndi chibayo, manda awo osadziwika.

Ndiye mukadzaona chithunzi cha bwana wachizungu ku East Africa atakhala pa mpando wopinda kutsogolo kwa hema, tebulo pambali, kapu pa sosala, dzifunseni kuti mpandowo, tebulolo ndi ketuloyo zinafika bwanji m'tchire muja. Nthawi zina yankho limakhala m'chithunzi momwemo, chakumapeto, munthu wakuda ataima chilili, thireyi m'manja, theka la nkhope litadulidwa ndi malire a chithunzi. Pansi pa chithunzi alemba dzina la bwana ndi udindo wake. La woimirirayo palibe. Ine chimenechi chimandipweteka kuposa nsapato zimene analibe.

M'busa John Chilembwe anaziona izi nkhondo itangoyamba. Mu November 1914 analembera kalata nyuzipepala ya Nyasaland Times kudandaula kuti anthu akuda osauka akutengedwa kukafera nkhondo imene si yawo, n'kusiya akazi amasiye ndi ana amasiye. Pa 23 January 1915 anayambitsa kuukira kuja timaphunzira. Nkhondoyo inapitirirabe, ndipo kuno ku Africa inatha mochedwa kuposa ku Ulaya: kumeneko mfuti zinaleka pa 11 November 1918, koma mkulu wa asilikali a Germany, Paul von Lettow-Vorbeck, anadzapereka zida pa 25 November ku Abercorn, lero Mbala ku Zambia. Obwerera kumudzi anakumananso ndi chimfine choopsa cha 1918 ndi 1919 chimene chinapha anthu ambiri.

Pa nkhondo yachiwiri amuna a ku Nyasaland oposa 25,000 anavala yunifolomu, ndipo anapita kutali kwambiri. Anyamata okonda mpira, mukamatchula Moyale Barracks ya ku Mzuzu, dziwani kuti Moyale ndi tauni ya pamalire a Kenya ndi Ethiopia, kumene asilikali a 1 KAR analimbana ndi Ataliyana mu July 1940. Anzathu a ku Zambia anachitanso chimodzimodzi: ku Ndola kuli Tug Argan Barracks, dzina la malo a ku Somaliland kumene kunamenyedwa nkhondo mu August 1940, asilikali a 2 KAR aliponso, ndipo ku Chipata kuli Gondar Barracks, dzina la mzinda wa ku Ethiopia umene unagwa mu November 1941. Kuchoka apo ena anapita ku Madagascar mu 1942, ena ku Ceylon mu 1943 kukaphunzira nkhondo ya m'nkhalango. Taonani zodabwitsa zake: mnyamata wothawa thangata pa esiteti ya tiyi ku Thyolo, kukwera sitima masabata angapo, n'kukatsikira m'dziko lina la tiyi.

Mu 1944 gulu la 11th East African Division, momwe munali mabataliyoni a ku Nyasaland, linalowa m'dziko la Burma, lero Myanmar, kukamenyana ndi asilikali a Japan. Anadutsa m'chigwa cha Kabaw nthawi ya mvula yamphamvu, pamene ena ankati nkhondo siyingatheke. Chigwacho chinali chodzaza ndi malungo ndi matenda ena, misewu inasanduka phala, ndipo chakudya chambiri ankachiponya kuchokera m'ndege. Asilikali ankamwa mapiritsi a malungo otchedwa mepacrine tsiku ndi tsiku. Kumayambiriro kwa December 1944 anafika ku Kalewa pa mtsinje wa Chindwin. M'malo ngati amenewo, nkhuni zonse zonyowa, zovala zosauma kwa masabata, kuwiritsa chitini chimodzi cha madzi inali ntchito yeniyeni.

Nthawi imeneyi zinthu zina zinali zitasintha. Asilikali akuda anayamba kupatsidwa nsapato, ndipo tiyi ndi shuga zinali m'gulu la chakudya chawo. Koma malipiro awo anali ochepa kwambiri poyerekeza ndi a msilikali wachizungu, chakudya chinali chosiyana, modyera mosiyana, ndipo maofesala anali azungu. Munthu wakuda, kaya akhale wolimba mtima chotani, ankathera pa usajeni meja. Zithunzi za asilikali akuda zimene boma linkajambula zinalinso ndi ntchito yake: kuonetsa anyamata onenepa, ovala bwino, odya bwino, kuti otsala kumudzi asirire n'kukalembetsa. Kwa mnyamata amene shuga ankamuona pa Khirisimasi pokha, kapu ya tiyi m'manja mwa mnzake inkakopa kuposa mawu a DC.

Chithunzi cha kwathu

Kwathu kuli chithunzi chimodzi cha nthawi imeneyo. Ndi cha bambo awo a agogo anga aakazi, amene anapita ku Burma. Agogo amachisunga m'Baibulo, ndipo ngodya imodzi inadyedwa ndi chiswe kalekale. M'chithunzimo mulibe tiyi, mulibe kumwetulira. Aima njo, chipewa chopinda mbali imodzi, manja m'mbali, maso tong'o kuyang'ana kamera ngati akuyembekeza kukalipiridwa. Anajambulitsa okha ndi ndalama zawo kuti atumize kumudzi, ndiye ankafuna kuoneka msilikali weniweni, osati munthu wopuma.

Nditawafunsa agogo ngati bambo awo ankamwa tiyi, anaseka mpaka kutsokomola.

"Iwe mwana, ukufunsa tiyi? Bambo aja kunalibe kupita kumunda asanamwe. Mudzi wonse unkadya mbatata ndi madzi, iwo ketulo pamoto. Shuga akatha ankapalasa njinga mpaka ku boma."

"Nanga za nkhondoyo ankakamba, agogo?"

"Za sitima ankakamba, za mpunga wa tsiku ndi tsiku ankakamba, za mvula yosakata ankakamba. Koma ukawafunsa za anzawo amene anapita nawo, ankangodzuka n'kulowa m'nyumba."

Agogo akuti kapu yawo inali yachitsulo, yobwera nayo kunkhondo, ndipo mwana aliyense woikhudza ankalandira khofi. Masana ena ankakhala okha pansi pa mtengo wa mango, kapu m'manja, tiyi mpaka kuzizira osamwa. Chithunzi cha zimenezo palibe anajambula. Chili m'mutu mwa agogo basi, ndipo agogo ali ndi zaka zopitirira 70.

Apa mukuona chifukwa chake aphunzitsi amalimbikira kuti gwero limodzi silikwana. Chithunzi cha boma chikuti asilikali ankasangalala. Chithunzi cha m'Baibulo chikuti anali olimba. Nkhani yapakamwa ikuti anabwera ndi chinthu chimene sankatha kuchinena. Zonse zitatu n'zoona, koma chilichonse pachokha chikhoza kukusocheretsa. Wolemba mbiri wina, Melvin Page, anazindikira zimenezi, ndipo m'zaka za m'ma 1970 anayenda m'midzi ya m'Malawi muno kufunsa nkhalamba zimene zinaona nkhondo yoyamba, asilikali ndi amtengatenga omwe. Zambiri zimene tikudziwa za amtengatenga zinapulumuka chifukwa wina anafunsa eni ake asanamwalire.

Asilikali obwerera sanabwere ndi tiyi yekha. Mganda umene timavina kuno ku chigawo chapakati, ndi mizere yake, makabudula oyera ndi malipenga a zikho, unatengera perete wa asilikali, chimodzimodzi malipenga a ku Nkhata Bay ndi Karonga, ndi beni wa ku Mangochi. Ena anabwera atadziwa kuyendetsa galimoto, kuwerenga, kapena kusoka pa makina, ndipo ena anatsegula timagolosale ndi matiirumu ndi ndalama zimene analandira potuluka. Ambiri ndalamazo zinatha msanga n'kubwerera ku khasu. Sikuti tiyi anafika m'midzi ndi asilikali okha, paja a mishoni, obwera ku Joni ndi ku Salisbury, ndi makampani a tiyi omwe anathandizira, koma asilikali anali m'gulu la anthu oyamba kumuzolowera tsiku ndi tsiku.

Mayina a ena mwa amene sanabwerere analembedwa pa chipilala cha KAR ku Zomba, pafupi ndi Cobbe Barracks. Kuno ku Lilongwe kuli chipilala chachitali cha chikumbutso ku Area 18, ndipo mwambo wokumbukira asilikali umachitika chaka chilichonse Lamulungu lachiwiri la November, akuluakulu atavala kaduwa kofiira pachifuwa. Kuchokera ku Chinsapo ndi maminibasi awiri okha, koma nditafunsa m'kalasi mwathu amene anafikapo, anakweza manja ndi atatu.

Mukapatsidwa chithunzi

Kaya ndi pa mayeso a JCE, kaya ndi kunyumba, musathamangire kunena zimene mukuganiza. Yambani ndi zimene maso akuona, ndipo muzitchule chimodzichimodzi: anthu angati, avala chiyani, kumapazi kuli chiyani, wakhala ndani, waima ndani, kapu ili m'manja mwa yani. Kumapazi n'kofunika kwambiri pa zithunzi za KAR, chifukwa msilikali wopanda nsapato amakuuzani kuti chithunzicho n'chachikale, mwina cha nkhondo yoyamba. Chipewa chimathandizanso: chofiira chachitali chopanda mlomo chija chinali cha masiku akale ndi cha pa perete, pomwe ku Burma ankavala chipewa chachikulu cha mlomo ndi zovala zobiriwira za m'nkhalango. Mukatero funsani kuti anajambula ndani ndipo ankafuna kuti aone ndani. Chomaliza, chimene ine ndimachikonda, yang'anani m'mphepete ndi kumbuyo, kumene wojambula sanaikeko mtima. Nthawi zambiri kumeneko ndi kumene kumapezeka wophika, wotunga madzi ndi wonyamula katundu.

Ngati kwanu kuli chithunzi chotere, chonde musachimate pakhoma ndi phala kapena selotepi, ndipo musalembe kumbuyo ndi bolopeni chifukwa inki imadutsa. Lembani ndi pensulo, mopepuka, dzina la munthuyo, mudzi wake, mfumu yake, ndi kumene anapita. Chiikeni mu envelopu youma, kutali ndi denga lodontha ndi chiswe. Ndipo afunseni agogo lero lomwe, muli ndi kope m'manja. Funsani zazing'ono, monga chimene ankadya, chimene anabwera nacho, nyimbo zimene ankaimba akamalima, chifukwa funso lalikulu lakuti "nkhondo inali bwanji" limangotseka anthu pakamwa.

A kalabu ya History tagwirizana ndi aphunzitsi kuti Lachisanu likudzali, tikaweruka, tidzakumane m'kalasi ya Fomu 2. Amene makolo akulolezani bweretsani chithunzi cha msilikali, cha wa ku migodi, kapena cha wogwira ntchito ku esiteti ya tiyi. Aphunzitsi adzachijambula pa foni pomwepo ndipo mudzabwerera nacho tsiku lomwelo, sichigona kusukulu. Ngati agogo akukaniza kuti chingatayike, musalimbane nawo, ingolembani zimene akuuzani pa pepala n'kubweretsa pepalalo. A kutali monga ife a kuseri kwa Likuni tidzayamba ndife, kuti tinyamuke dzuwa lisanapendeke.